Njinga ili pamsewu, koma pafoni yasowa

Dzuwa lisanatenthe, pa Mponela pamakhala patadzuka kale. Malole olowera kumpoto akudutsa pamsewu wa M1, amayi akuyala tomato ndi kabichi, ndipo kuseri kwa magolosale, pansi pa kashedi ka malata akale, njinga yamoto yofiira yaimikidwa chishalo chili pansi. Mawaya ake ali mbwee.

Anthu atatu aizungulira. Mwini njinga wagwira foni, tsinya lili pamphumi. Mnyamata amene amaiyendetsa waima chapoteropo, helemeti ili m'khwapa. Mmisiri wagwada pafumbi, dzanja walilowetsa kunsi kwa thanki, akufufuza kabokosi kakuda kokwana m'chikhatho.

Pafoni ya mwiniyo, kachizindikiro ka njinga kaima malo amodzi kuyambira Lachiwiri. Koma njinga yeniyeniyo sinaime. Yafika ku Madisi, yakwera ku Ntchisi, yanyamula matumba a soya, yathamangira ndi mayi woyembekezera kuchipatala.

Tracker yazima.

Abwana akuti mnyamata wadula waya dala kuti azizemba ndi ndalama. Mnyamata akulumbira pali Mulungu kuti sadziwa n'komwe pamene kabokosiko kanabisidwa. Mmisiri sakuyankha aliyense. Watenga mita yoyezera magetsi, wagunditsa timiyendo take tiwiri pamitu ya batire, ndipo nambala imene yatuluka siikufika ngakhale 10.

Palibe amene anadula waya. Batire ndi limene linafa, ndipo linafa kalekale, njinga ikuyenda bwinobwino.

Mlandu wotere ungabuke pashedi iliyonse, kaya pa Dowa Boma, pa Dzaleka, pa Khuwi kapena pa Malomo, paliponse pamene njinga ili ndi mwini wina, woyendetsa wina. Ndipo umapweteka, chifukwa munthu akhoza kutaya ntchito ndi mbiri yake pa chinthu chimene mmisiri wodekha akanachipeza m'mphindi zisanu.

Zaka 15 zapitazo, amene ankanyamula anthu m'njira za kumidzi ya ku Dowa ndi ku Ntchisi anali anyamata a njinga zakapalasa. Pachitunda, wokwera ankatsika n'kumayenda pambali pa mwini njinga mpaka pamwamba. Lero zitunda zomwezo zikulira injini. Kalembera wa 2018 anapeza anthu oposa 770,000 m'boma la Dowa ndi oposa 300,000 m'boma la Ntchisi, ndipo ambiri mwa iwo amakhala kutali ndi phula, kumene minibasi safika. Njira ya kuchipatala, ya kuchigayo, ya kumaliro, ya kumsika wa Lachiwiri wa pa Dzaleka, yonse ndi ya kabaza.

Mlimi akagulitsa fodya ku Kanengo kapena soya wake, imodzi mwa njira zosungira thukuta lake ndi kugula Lifan, Sanlg, Kinglion kapena Boxer n'kuipereka kwa mnyamata woti azibweretsa tageti madzulo aliwonse kapena pakutha pa sabata. Aphunzitsi, anamwino ndi eni magolosale amachitanso chimodzimodzi. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kudzatsitsidwanso ndi 44 peresenti mu November 2023, mtengo wa njinga ndi zipangizo zake unakwera kotero kuti amene waberedwa lero sangalote zogula ina mawa.

Ndipo akuba alipo. Nkhani za akabaza obayidwa kapena kuphedwa ndi anthu amene anawachita hayala chakumadzulo zakhala zikumveka pawailesi ndi m'manyuzipepala m'dziko lonse lino, ndipo apolisi akhala akuchenjeza za kuyenda usiku ndi anthu osawadziwa. Njinga zambiri sizinalembetsedwe ku Road Traffic, zilibe nambala. Ikabedwa, akaipenta kapena kuiphwasula n'kugulitsa zitsulo, basi yapita.

Apa ndi pamene kabokosi kaja kanapezera malo.

Kabokosiko kali ndi khutu ndi pakamwa. Khutu limamvera masetilaiti a GPS, amene amazungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 20,200 kuchokera pansi. Ndi a boma la America. Yoyamba inaponyedwa mumlengalenga mu 1978, ndipo mu 1995 dongosolo lonse linalengezedwa kuti latha kukhazikitsidwa. Kumvera masetilaitiwa n'kwaulere, ndipo kabokosi kakamva anayi kapena kuposerapo kamawerengera pamene kali. Russia ili ndi ake otchedwa GLONASS, mayiko a ku Ulaya ali ndi Galileo, China ili ndi BeiDou, ndipo ma tracker ena atsopano amamvera magulu angapo nthawi imodzi.

Pakamwa ndi SIM khadi ya TNM kapena Airtel imene ili m'kati. Imeneyi ndiyo imatumiza malowo kufoni ya mwini njinga, pa uthenga wa SMS kapena pa intaneti. Imeneyi si yaulere.

Khutu ndi pakamwa zonse zimadya magetsi a njinga. Choncho mwini njinga akanena kuti tracker yafa, akhoza kukhala akunena zinthu zitatu zosiyana: kabokosi sikakulandira magetsi, kabokosi kali moyo koma sikakutha kulankhula, kapena kakulankhula koma sikakumva masetilaiti. Mmisiri wodziwa ntchito amayamba wasiyanitsa zitatuzi asanamasule bawuti ngakhale imodzi.

Kusiyanitsa kwake sikufuna sipanala. Munthu aimbe nambala ya SIM khadi ya m'kabokosimo. Ikalira, kapena kabokosi kakayankha ndi uthenga, ndiye kuti magetsi alipo ndipo vuto lili kwina. Ikakhala yosapezeka, ndi pamene chishalo chichotsedwe kuti aone timagetsi ting'onoting'ono ta pakabokosi. Ma tracker ena amathimitsa timagetsiti njinga ikaima nthawi yaitali, ndiye ndi bwino kutsegula kiyi ndi kuigwedeza njingayo kaye. Tikakhala zii ngakhale atatero, ulendo wolondola magetsi wayamba, ndipo umayambira pabatire.

Pabatire ndi pamene pagona nkhani yaikulu ya njinga za kuno.

Njinga zambiri za 125cc ndi 150cc zimene zili m'misewu yathu zili ndi khalidwe limene limapusitsa eni ake: zimalira ngakhale batire litatheratu. Moto wa pulagi umachokera kumakoyilo a m'injini kudzera pa CDI, osati kubatire. Woyendetsa akangomenya kiki, injini yadzuka. Pa njinga zina nyali yakutsogolo nayonso imadya kuchokera kuinjini mwachindunji. Motero munthu akhoza kugwira ntchito miyezi yathunthu ndi batire lakufa, akunyamula anthu usana wonse, osaona chovuta.

Zizindikiro zimakhalapo kwa amene akuzifuna. Hutala imalira mosasa mawu, kapena imangolira injini ikakwezedwa moto. Maindiketa amayaka osaphethira. Kanyali kobiriwira ka nyutirolo kamaoneka mwa apo ndi apo. Sitata ikadinidwa imangoti thee, n'kukhala chete. Kwa woyendetsa izi ndi zazing'ono, poti kiki ilipo. Kwa tracker ndi njala.

Mita imanena zoona. Batire labwino la mavoliti 12, njinga itazima ndipo yapumula, limaonetsa 12.6 kapena kuposerapo pang'ono. Likatsika kufika pa 12.0 latha mphamvu kwambiri. Likamaonetsa 10 kutsika m'munsi, kawirikawiri chipinda chimodzi cha m'kati mwake chawonongeka. Injini ikamalira n'kukwezedwa moto pang'ono, nambala iyenera kukwera kufika pakati pa 13.5 ndi 14.5. Ikapanda kukwera, njinga siikutchaja batire, ndipo kugula batire latsopano n'kutaya ndalama: nalonso lidzafa pakangopita masabata ochepa.

Nthawi zina tracker yomweyo ndi imene imapha batire. Imadya pang'ono, koma sipuma. Tiyerekeze kabokosi kodya 30mA: pa maola 24 kamwa 0.72Ah. Mabatire a njinga zoterezi kawirikawiri amakhala a 5Ah mpaka 7Ah. Ndiye kuti njinga ikakhala m'nyumba sabata imodzi osalizidwa, batire la 5Ah latheratu. Kuyambira 2022, mafuta akhala akusowa nthawi ndi nthawi, ndipo njinga zambiri zakhala zikugona masiku angapo podikira petulo. Onjezanipo maliro, matenda ndi masiku amene mvula yadula njira. Batire la asidi likaphwa n'kukhala choncho, silibwereranso mwakale. Ma tracker abwino amagona njinga ikaima n'kumadya pang'ono zedi, koma kagonedweko nthawi zambiri kamayenera kutcheredwa ndi amene anaika kabokosi, ndipo si onse amene amakumbuka.

Kenaka pali zokongoletsa. Wakabaza amakonda njinga yake, ndipo palibe cholakwika. Koma timagetsi tamitundumitundu, sipika yoimba nyimbo, hutala yachiwiri ndi potchajira foni, zonsezi zimayamwa pabatire limodzi limene anakonza kuti lizidyetsa nyali, hutala ndi sitata basi. M'midzi imene mulibe magetsi a ESCOM, ena amachotsa batire usiku kuti liwunikire m'nyumba ndi kutchaja mafoni. M'mawa limabwerera panjinga lili lofooka, mwinanso osabwerera n'komwe.

Kuzizira kwa June ndi July m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi kumamaliza ntchito. Batire lokalamba limene linkadzikoka m'nyengo yotentha limagonja m'mawa wa nkhungu.

Batire likapezeka kuti lili bwino, mita isunthire patsogolo. Pawaya wofiira wa tracker, pafupi ndi batire, pamayenera kukhala fyuzi yaing'ono, ya pakati pa 1A ndi 3A. Njinga nayo ili ndi fyuzi yake yaikulu, kawirikawiri yagalasi, ya 10A kapena 15A. Fyuzi ikhoza kuoneka yabwino ndi maso koma italekana m'kati, kapena timapanda toigwira titachita dzimbiri. Oyeza ayeze mbali zonse ziwiri: magetsi akalowa koma osatuluka, wolakwa wapezeka.

Pali chizolowezi choipa chimene chafala: fyuzi ikapsa, kuikulunga ndi kapepala konyezimira ka m'paketi ya ndudu kapena kulumikiza ndi kawaya. Njinga imayakadi. Koma fyuzi inapsa chifukwa penapake waya wasupuka ndipo akukhudza chitsulo. Yatsopano ikapsanso pompopompo, malo osupukawo afunidwe mpaka apezeke, makamaka pakhosi pa njinga pamene mawaya amapindika chiwongolero chikamakhota, ndi pansi pa chishalo pamene amapanikizika ndi katundu. Kutseka maso pamenepa n'kuitana moto pafupi ndi thanki ya petulo.

Mitundu ya mawaya ndi msampha wina, ndipo wagwira amisiri ambiri ophunzirira pantchito. Pa ma tracker ochuluka, waya wofiira ndi wa magetsi, wakuda ndi wa nthaka, wa mtundu wa lalanje umapita kukiyi kuti kabokosi kazidziwa ngati njinga yayatsidwa, ndipo wachikasu umapita ku relay yozimitsira injini patali. Koma njinga zimene mawaya ake anatengera kalumikizidwe ka Honda, monga zambiri zochokera ku China, zili ndi chinenero china: wa nthaka ndi wobiriwira, ndipo wakuda ndi umene umanyamula magetsi kiyi akatsegulidwa. Pa Yamaha, njinga zimene alangizi ambiri a boma ndi a mabungwe amayendera, wakuda ndiye wa nthaka, wa kukiyi ndi wofiirira. Munthu amene angolumikiza wakuda ndi wakuda pa njinga ya mtundu woyambawo amapeza kabokosi kochita zachilendo, kuyaka kiyi ali chotseka n'kuzima akatsegula, kapena kusayaka konse.

Cholakwika china chofala ndi kulumikiza waya wofiira wa tracker kuwaya wa kukiyi m'malo mwa kubatire. Masana zonse zimaoneka bwino. Usiku kiyi akatsekedwa, kabokosi kamakhalira kabatire kake kam'kati kwa maola ochepa, kenako zii mpaka m'mawa. Mwini njinga amene akuona kuti tracker yake imasowa usiku uliwonse n'kubwerera m'mawa asathamangire kuloza chala woyendetsa. Afunse kaye amene anailumikiza.

Mitundu isakhulupiriridwe. Waya aliyense ayezedwe ndi mita, kiyi ali chotseka, kenako ali chotsegula.

Ngakhale zonse zitalumikizidwa molondola tsiku loyamba, misewu imakhala ndi zonena zake. Aliyense amene anadutsapo njira yochokera ku Dzaleka kulowera ku Ntchisi, kapena zokwera ndi zotsika za kwa Nthondo, kwa Kasakula ndi ku Mvera, akudziwa mmene njinga imanjenjemerera pamabampu. Mfundo imene inangopotedwa ndi zala n'kukulungidwa tepi yakuda siingapirire zimenezo. Kutentha kwa injini kumafewetsa ulimbo wa tepi, fumbi la September ndi October limalowa, mvula ya December imadzanyowetsa, ndipo pofika February m'kati mwa mfundo muli unga wobiriwira m'malo mwa kopa. Kunja tepi imaonekabe bwino. Mmisiri wanzeru amakoka waya aliyense pang'onopang'ono, ndipo amagwedeza mtolo wonse akuyang'ana timagetsi ta kabokosi. Tikaphethira, mfundo ina yatha. Mankhwala ake ndi kudula pamene pawola, kuwotcherera mfundo yatsopano ndi mtovu, n'kuiveka kapaipi kapulasitiki kamene kamafwanyala kakamva moto.

Waya wa nthaka amaiwalika kwambiri. Akamangidwa pabawuti ya penti kapena ya dzimbiri, magetsi alibe pobwerera. Sandipepa pang'ono amathetsa vuto limene ena amaligulira kabokosi katsopano. Mitu ya batire ikachita unga woyera, soda wa m'khitchini, yemwe uja amathira m'therere, wosungunula m'madzi amauchotsa. Akapukuta n'kumanga bwino, kavaselini pang'ono kamateteza.

Madzi nawo. M'dzinja akabaza amawoloka timitsinje tothira mu Bua madzi ali m'mawondo, ndipo madzulo njinga imatsukidwa pamtsinje kapena pamjigo ndi ndowa zathunthu. Ma tracker ambiri amalembedwa kuti saopa madzi, koma chitseko cha SIM khadi chikatsegulidwa n'kutsekedwa mosasamala, kamphira kake kakatayika, chinyezi chimalowa. Kabokosi koikidwa mawaya ataloza kumwamba kamamwa madzi otsetsereka ndi wayayo. Mawaya aloze pansi.

Pali imfa ziwiri zimene zimabwera mwadzidzidzi, ndipo zonse zimapeweka.

Yoyamba ndi regulator. Ntchito yake ndi kuweta magetsi ochokera kuinjini kuti asapyole muyeso. Ikawonongeka, mita imaonetsa 15 kupita m'mwamba injini ikakwezedwa moto, mababu amapsa pafupipafupi, batire limatentha ndi kutupa. Ma tracker ambiri anapangidwa kuti azipirira mavoliti okwera, koma otsika mtengo sapirira magetsi odumphadumpha, makamaka pa njinga yoyenda yopanda batire, poti batire ndi limene limasalaza magetsiwo. Kuika kabokosi katsopano pa njinga yotere osakonza regulator n'kukaperekanso nsembe.

Yachiwiri ndi kuwotcherera. Njinga ya kabaza siichedwa kupita kwa owotcherera: kukulitsa kaliyala kuti azinyamula matumba atatu, kulimbitsa fulemu imene yang'aluka, kuika zotchingira miyendo. Magetsi a makina owotcherera amadutsa m'chitsulo chonse cha njinga, ndipo akhoza kupsereza tracker ndi CDI. Batire ndi kabokosi ziyenera kuchotsedwa kaye. Koma woyendetsa amene sanauzidwe kuti njinga ili ndi kabokosi adzamuchenjeza bwanji wowotcherera?

Mayeso omaliza ndi osavuta. Kabokosi kachotsedwe panjinga, kalumikizidwe mwachindunji kubatire lina lodziwika kuti ndi labwino, fyuzi ili pakati, panja poonekera thambo. Asathamangire kuweruza. Kabatire kam'kati kakaphweratu, ma tracker ena amatenga mphindi 15 kapena 30 asanaonetse moyo. Ena ali ndi kaswitchi kakang'ono pafupi ndi polowera SIM khadi, kamene kakhoza kukhala kanasiyidwa chozimitsa. Kakayaka patebulo, vuto latsala panjinga. Kakakhala chete, kakamanunkha chopserera, kapena chikuto chake chitatukuka chifukwa kabatire kam'kati katupa, pamenepo ndiye kafadi. Kabatire kotupa sikabooledwa ndipo sikaponyedwa pamoto, kamaphulika. Kabokosi kolowa m'malo mwake kasaikidwe pafupi ndi injini kapena ekizozi.

Tsono pali gulu lalikulu la ma tracker amene amanamiziridwa imfa ali moyo.

Ambiri mwa iwo atsekedwa pakamwa ndi SIM khadi. Mu 2018, bungwe la MACRA linalamula kuti nambala iliyonse ya foni ilembetsedwe, ndipo chiphaso cha unzika ndicho chimagwiritsidwa ntchito. Funso loyenera kufunsa pogula tracker ndi lakuti SIM khadi ya m'katimo ili m'dzina la yani. Ikakhala m'dzina la wogulitsa kapena la mnyamata wa pashopu amene anasamuka kalekale, tsiku limene idzatsekedwe mwini njinga sadzatha kuitsegulitsa. Nambala imene yakhala nthawi yaitali osathiridwa mayunitsi imatsekedwa. Bandulo ikatha, kabokosi kamaona malo ake bwinobwino koma kalibe potumizira. Mapulogalamu ena a pafoni amafunanso kulipiridwa chaka ndi chaka, ndipo tsiku likakwana njinga imangosowa pamapu popanda chenjezo. Kusintha SIM khadi kuchoka kukampani ina kupita kuinzake kumafuna kutcheranso APN, apo ayi kabokosi kamalandira mauthenga koma intaneti osagwira. Komanso ma tracker ambiri otsika mtengo amadalira netiweki ya 2G yokha, chinthu choyenera kuchidziwa munthu asanapereke ndalama.

Ena amanamiziridwa ndi mapiri. Nsanja za netiweki zimaona patali pachidikha cha Mponela ndi Madisi, koma kum'mawa, kumene dziko limayamba kutsetserekera kunyanja, zigwa zakuya zimabisa njinga. Imalowa m'chigwa n'kusowa, n'kudzatulukira pachitunda china patapita theka la ola. Kabokosi kabwino kamasunga njira yonse n'kudzaitumiza netiweki ikabwerera. Kotchipa kamangojambula mzere wowongoka pakati pa malo awiriwo. M'nkhalango ya phiri la Ntchisi, pansi pa mitengo ikuluikulu yotseka thambo, ngakhale masetilaiti amavuta kumveka. Chimodzimodzinso njinga ikagona m'nyumba ya malata, kapena kabokosi kakabisidwa pansi penipeni pa thanki yachitsulo. Pulasitiki ndi siponji ya chishalo sizitchinga masetilaiti. Chitsulo chimatchinga.

   

Koma funso limene limapsetsa mitima ndi lija la kudula waya dala. Zimachitika, palibe angakane. Alipo oyendetsa amene amazula fyuzi kuti akagwire hayala yakutali mwini asadziwe, ndipo alipo amene amagwirizana ndi akuba. Komabe kabokosi kamasiya umboni kwa amene akufuna kuuwerenga. Ma tracker ambiri amatumiza uthenga wochenjeza nthawi yomweyo magetsi a njinga akadulidwa, bola nambala ya mwini inalowetsedwa ndipo mayunitsi alipo. Mapulogalamu ena amaonetsanso mphamvu ya batire tsiku ndi tsiku. Nambala imene yakhala ikutsika pang'onopang'ono kwa masabata awiri ikunena za batire lodwala. Imene inali pa 12.6 n'kugwa mwadzidzidzi ikunena za fyuzi, waya woduka kapena dzanja la munthu. Ndipo waya wodulidwa ndi mpeni saoneka ngati wowola ndi dzimbiri. Mwini njinga amene wachotsa mnyamata ntchito asanaone zimenezi wamulakwira.

Muzu wa zonsezi uli m'mapangano. Abwana ndi woyendetsa akamagwirizana, amatchula tageti, mafuta, oyilo, matayala, mwinanso tsiku limene njinga idzasanduke ya woyendetsayo akamaliza kulipira. Batire silitchulidwa kawirikawiri. Woyendetsa alibe nalo ntchito kwenikweni, ndipo sangachotse ndalama ya ufa kuti agule chinthu chimene kiki ikugwira ntchito yake. Mwini sakwera njingayo, ndiye sadziwa kuti hutala inasiya kulira mwezi wathawu. Aliyense akuganiza kuti ndi udindo wa mnzake.

Popeza amene akufuna tracker ndi mwini, batire liyenera kukhala pamutu pake, pamodzi ndi mayunitsi a SIM khadi. Kuliyeza kamodzi pamwezi, tsiku losintha oyilo, sikutenga mphindi ziwiri. Ndipo woyendetsa ayenera kuuzidwa kuti kabokosi kalipo, ngakhale asauzidwe pamene kali. Amene akudziwa amachenjeza wowotcherera, amasamala potsuka, amanena msanga sitata ikayamba kukana. Kuposa pamenepo, kabokosiko kakutetezanso moyo wake: tsiku limene sadzabwera kunyumba, malo omaliza a pafoni ndi amene adzauze abale ndi apolisi koyambira kufuna.

Tsiku loterolo lili ndi malamulo ake. Mwini asalondole akuba yekha kapena ndi gulu la anzake a pasiteji, apite ndi foniyo kupolisi. Asazimitse injini patali njinga ikuthamanga, poti pakhoza kukhala pali munthu wosalakwa kumbuyo kapena galimoto ikubwera. N'chifukwa chake ma tracker ambiri amadikira kuti liwiro litsike asanamvere lamulo lozimitsa.

Akuba odziwa ntchito yawo amayamba ndi kuzula batire la njinga. Kuyambira mphindi imeneyo, chatsala ndi kabatire kam'kati mwa tracker. Kakakhala kodzaza, kamatumiza chenjezo n'kupitiriza kunena malo kwa maola angapo, nthawi yokwana kuti apolisi a pa Mponela, pa Dowa kapena pa Ntchisi adziwitsidwe njira imene njinga yalowera. Koma kabatire kameneka kamadya kuchokera kubatire lalikulu. Pa njinga imene yakhala ikuyendera kiki kwa miyezi itatu, kamakhala kataphwa kalekale, chenjezo silituluka, ndipo mwini amadzamva za kubedwa kwa njinga yake kutacha, kwa anthu odutsa m'njira.